Malo a Abambo Saulosi

Lolemba, 3 Ogasiti 2009

Lero ndasiya mopu, ndakhala pa foni. Palesa wa pa desiki ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. A dokotala ati akhale kunyumba mpaka chimfine cha nkhumbachi chidutse, akuti chikuvuta kwambiri amayi oyembekezera. Ndiye anatembenukira kwa ine: "Mervis, Chingelezi umatha, kulembanso umatha." Zaka zisanu ndi chimodzi ndikukolopa chipatala cha mano chino cha ku Lynnwood, adziwa lero kuti ndimatha kulemba.

Lamulo andilembera pa pepala. Wokhosomola kapena wotentha thupi asabwere, ndimusunthire masabata awiri kutsogolo. Kukolopa kukadali kwanga, anthu akaweruka.

Lachiwiri, 4 Ogasiti

Anthu khumi ndi mmodzi aimba kuti sabwera. Buku la odwala lonse mizere yodula mayina yokhayokha. Bambo wina akuti sangayasamule pamaso pa munthu amene wachoka kugwira m'kamwa mwa ena. Mayi wina wandikalipira chifukwa ndamusunthira mwana, mwanayo ndikumumva akukhosomola kumbuyo kwake.

A dokotala tsiku lonse manja m'thumba. Ndawamva pa foni akukamba zoti tizitseka Lachisanu. Masiku akachepa, woyamba kumuchepetsera ndikumudziwa.

M'thekisi ya ku Hammanskraal wina wayetsemula, tonse nkhope ku windo. Windo lake losatseguka. Chisanu. Msana.

Lachinayi, 6 Ogasiti

Aimba Abambo Saulosi. Achikulire, amasamala gadeni ku Irene. Abwana awo anawalembetsa kuti mawa adzachotse dzino lakumbuyo. Atangomva Chingelezi changa anaseka: "Iwe ndiwe wakwathu iwe." A ku Ntcheu. Anabwera ku Joni ine ndisanabadwe. Tacheza mpaka ndaiwala kuti ndili pa ntchito.

Kenako funso la pa pepala lija. Ati thupi likutentha kuyambira dzulo, tsaya latupako pang'ono. Ndawasunthira pa 21.

"Mwana wanga, dzinoli silikundigonetsa."

Ndati ndi lamulo, Abambo. Ati chabwino, ndipirira. Basi. Bola akanandikalipira ngati enawa.

Lachisanu, 7 Ogasiti

Odwala atatu tsiku lonse. Nthawi imene akanabwera Abambo Saulosi mpando unali chabe, a dokotala akumwa tiyi.

Lachiwiri, 11 Ogasiti

Waimba Esnat, mwana wa Abambo Saulosi. Abambo ali ku chipatala chachikulu kuyambira Lamlungu. Kutupa kunatsikira kukhosi, kupuma kunayamba kuvuta. Si chimfine ayi. Mafinya a dzino ndiwo ankatenthetsa thupi. Awang'amba pansi pa chibwano, ali pa makina.

Sanakweze mawu. Anangofunsa, "Ndinu amene munawauza kuti asabwere?" Ndati eya, ndine.

A dokotala nditawauza anafiira nkhope. "Za kutupazo bwanji sunandiuze?" Pa pepala lawo panalibe za kutupa. Panali chifuwa ndi kutentha thupi. Mawuwo anafika pakamwa, ndinawameza. Ana awiri kumudzi amadya ntchito imeneyi.

Koma ndinamva ndithu kuti tsaya latupa. Ndinamva ndi makutu anga.

Lachitatu, 12 Ogasiti

Ndalawirira. Ndatenga buku, ndaimbira onse amene ndinawasunthira chiyambire, mmodzimmodzi. Funso limodzi: pali potupa? Ena kudabwa, ena kundidula.

Ndapeza mmodzi. Lonely, amagwira ntchito ya m'nyumba konkuno ku Lynnwood. Diso layamba kutsekeka ndi kutupa, masiku anayi akungotsuka ndi madzi amchere. Akukhosomolanso. Ndamulemba hafu pasiti folo, ena onse atapita. Sindinapemphe, ndangowauza a dokotala. Anakatenga mamasiki awiri otchinga kukamwa, ina yanga.

Pepala lija alichotsa okha pa desiki. Alemba lina. Pepani sananene.

Loweruka, 15 Ogasiti

Ndinapita ku chipatala ndi malalanje. Alendo akulowetsa achibale okha. Esnat ndinamuona patali pa benchi, ndinamudziwa ndi mawu akuyankhula pa foni. Ndinabwerera osamuyandikira. Malalanje ndadya ndekha m'thekisi, awiri. Enawo ndampatsa mayi wa pambali panga.

Lachinayi, 20 Ogasiti

Asanu akana kubwera lero, awiri abwerera m'buku. Zidendene zikuwawa. Palesa watumiza uthenga, ali bwino, mwana akugunda.

Cha m'ma 11 foni. Mawu otsika, okokera, ndinachita kukanikiza foni kukhutu.

"Ndine Saulosi. Amene munandilemba za mawa."

Ndinaimirira osadziwa. Ati makina anawachotsa Lolemba, phala akumeza. Ati dzino analichotsa komweko, ndiye mawa sabwera.

"Ndimati ndikuuze msanga, mwana wanga. Malowo upatse wina amene akumva kuwawa, asapite pachabe."

Ndinati Abambo pepani, pepani, ndinalakwa ine. Sindikudziwa ngati anamva. Ankauza nesi kuti amaliza, atenge foni yake.

Anthu onse amene akana kubwera mwezi uno, ndi iwo okha amene aganizira wina.

Pensulo ili m'manja. Dzina lawo pa 21 sindinalidulebe. Foni ikuliranso