Njinga ya a Kalebe

Euthini, Mzimba
14 Okutobala 2023

Okondedwa achemwali a Nesta,

Kodi lamulo loti wa m'gulu saulula mnzake analiika ndani? Ndikudziwa kuti amayi akuimbirani kale foni ku Joniko kuti mutu wanga wasokonekera, ndiye mumve kwa mwini wakene.

Digiri yanga ya zankhalango ikungodyedwa ndi mphemvu m'sutikesi, ndipo sindikanatha kukhala pakhonde kuonerera mapiri akumetedwa mpala. N'chifukwa chake ine ndi Golden, mnzanga wa ku koleji uja, tinayambitsa gulu la achinyamata loteteza mitengo. Poyamba tinkadzala mbande. Kenaka tinati mbande zikuchedwa, tiyeni tiziimitsa ogulitsa makala pamsewu. Anthu anatiombera m'manja, manjawo n'kutiledzeretsa. Anyamata oimba kwaya, oti sanabepo ndi mango omwe, anayamba kuboola matayala a eni ake atavala malaya obiriwira a gulu. Matumba olandawo amalowa m'sitolo yathu, koma utsi wake umafuka m'makhitchini a mamembala.

Lachiwiri anyamatawo analanda njinga ya a Kalebe, aja anachotsedwa ntchito yocheka matabwa ku Viphya. Njinga yomweyo ndi imene amatengera akazi awo kuchipatala kukatsukitsa bala la mwendo. Munthu waimvi anagwada pafumbi: "Ana anga, makala tengani, koma njinga yokha ndapota."

Golden anati, "Adada, kauzeni mitengo munadulayo ikunyamulireni mayi." Onse anaseka.

Nditamudzudzula anangoti, "Iwe Temwa, chimene gulu lachita tachita tonse. Ukaulula, mbwenu woyamba kulowa m'ndende ndiwe. Woyambitsa ndani?"

Ndilowe kumene! Musandiuze zoti ndidekhe, achemwali, kudekha ndi kumene kwatimalizira nkhalango. Za makala sindinasinthe maganizo, ndipo a Kalebe ndawauza pamaso. Koma simunandilipirire sukulu kuti ndizilanda njinga za odwazika.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana, ndawasowa chomene. Nsapato munandilonjeza zija musatumize kaye. Amayi muziwaimbira pafupipafupi, nkhuni ndawawazira zambiri.

Lero m'mawa ndathyola loko wa sitolo, ndakwera njinga ija pakati pa msika nditavala malaya obiriwira, ndakaiimika pakhomo pa a Kalebe. Kuchoka apo ndayenda wapansi mpaka kupolisi. Ndikulemba ndili pabenchi panja, kudikira kuti andiitane. Dzina loyamba nditchula langa.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Temwa