Jini ya Mwamuna Wanga Imaopa Fosholo

Aphungu,

Ndithandizeni ndisanamukwirire mwamuna wanga m'chipale chofewa. Mng'ono wake Pentti wavutika zaka zambiri ndi nyamakazi ya msana, ija imatupitsa mfundo za mafupa mpaka munthu kuuma ngati thabwa. Madokotala anati ali ndi jini, kachibadwa kotengera kwa makolo, yotchedwa HLA-B27, imene imachititsa kuti nthawi zina chitetezo cha m'thupi chiukire mwini wake.

Mwamuna wanga Reijo anakayezetsa, ndipo anamupeza nayo. Dokotala anamuuza kuti msana wake ulibe vuto, komanso kuti ambiri okhala ndi jiniyi sadwala n'komwe. Mawu amenewo anawaiwala kuchipatala komweko. Kunyumba kunafika jini yokha.

Chiyambireni, fosholo saigwira. Chipale chikatseka njira ya galimoto, amaima pazenera ndi kapu ya khofi n'kumandilangiza: “Uzipinda mawondo, Marjatta, ungathyoke.” Nditamutuma kukataya zinyalala anati, “Ukufuna kukhala wamasiye? Ndili ndi jini ine!” Koma Lachinayi likakwana jiniyo imapita kutchuthi, mwini wake n'kukathamanga pa ayezi ndi anzake a masewera a hoke. Nditamufunsa anati, “Kuzizira kumaziziritsa kutupa.” Bambo wa zaka 53 ameneyo!

Chandipweteka n'chakuti sabata yatha Pentti anandipeza ndikukankha chipale, n'kundilanda fosholo. Wodwala weniweni anagwira ntchito, wa jini akusuzumira pakatani. Pochoka anangoti, “Alamu, muwauze achimwene kuti akaifunitsitsa nthendayi ndiwabwereka.” Kuyambira pamenepo sayankha foni ya mkulu wake. Ndine ndikulakwa kodi kumuyesa waulesi? Nanga akadzadwaladi?

M.K., Thunder Bay

Mayi M.K.,

Jini ya amuna anu ndi yophunzira: imadziwa ndi masiku a sabata omwe.

Dokotala ananena zoona. Kukhala ndi jiniyi si kudwala. Kukhala ndi m'bale wodwala kumakweza chiopsezo, inde, koma nthendayi imakonda kuyamba munthu akadali wachinyamata, ndipo a Reijo unyamata anautsanzika kale. Tsono imvani ichi, muchisunge bwino: msana wa nthendayi umapweteka kwambiri munthu akangokhala, ndipo umapepuka akamayendayenda. Ngati akuiopadi, mdani wawo ndi mpando wa pazenera uja.

Pitani nawo limodzi kwa dokotala, mukafunse iwo ali pomwepo kuti, “Kodi bambowa angagwire ntchito zapakhomo?” Akawapimenso mtima, poti chipale n'cholemera kwa munthu wa msinkhu wawo. Akawaloleza, siyani kukangana. Lachinayi m'mawa musakhudze chipale, muphike khofi wanu, mukhale pansi. Galimoto yopita ku hoke siuluka. Mudzaona wodwala akuchira musanamalize kapu.

Koma si zonse zoseketsa. Munthu amene waona mng'ono wake akupindika chaka ndi chaka amakhala ndi mantha, ndipo amuna ambiri mantha awo amawaveka nthabwala kapena ulesi. Afunseni muli awiri, mopanda chipongwe, chimene akuopa. Mwina mumva zimene sananenepo.

Za a Pentti ndiye musazengereze. A Reijo asandutsa ululu wa mng'ono wawo kukhala chiphaso chothawira ntchito, ndipo munthu uja wamva kunyozeka. Foni siikwanira. A Reijo apite okha kwa Pentti, akayambe ndi kumuchotsera chipale pakhomo, kupepesa kutsatire.

Chenjezo langa ndi ili: akadzayamba kudzuka msana uli gwa kwa nthawi yaitali m'mawa uliwonse, kapena diso likadzafiira n'kumawawa poyang'ana kuwala, musadzati ayambanso sewero. Thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo ngati ndi diso. Wabodza naye amadwala.

Aphungu