Nkhuku za Chiliza Chanu

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Kuno ku Kandeu tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chaluma zedi. Kachewere uja munasiya tabzala kudimba anachita bwino. Alamu anga ku Champiti ali ndi mwana wamwamuna, mphuno yake yanu yeniyeni. Denga la khitchini likudonthabe pomwe paja.

Ndikuzungulira dala, Amayi. Nkhani ndi ya mdzukulu wanu Tadala, ndi nkhuku zanu.

Mukukumbukira mimba yake yotupa ija ndi kutsekula kosatha, inu n'kumati mwanayu akudya ngati akudyera wina? Mutatisiya tinakafika naye kuchipatala chachikulu. Adokotala anati thupi lake limadana ndi chinthu china chopezeka m'tirigu, chotchedwa gulateni, ndipo asadzalawenso cha ufa wa tirigu moyo wake wonse. Ndinamuletsa buledi, mandasi ndi masikono. Ankalira, ine ndinalimba mtima, mpaka kumadzitama kwa amayi anzanga kumpingo kuti mwana ndikumusamala. Chonsecho tsiku ndi tsiku ndinkamufikisira timakyubu ta msuzi wa nkhuku m'ndiwo zake, ati apeze mphamvu. Tomwe tija munkatinena kuti ndi mchere wovala suti. Mwana osasintha. Namwino atandifunsa zonse zimene ndimathira mumphika, ndi pamene ndinadziwa kuti timene ndinkagulato anasakanizamo ufa wa tirigu. Ndinachita manyazi, ndinangoti zyoli osamuyang'ananso kumaso.

Ndinasaka topanda tirigu. Pa boma wogulitsa wina anandiseka kuti matenda achizungu ndawatola kuti. Ku Tsangano ndinapeza tochokera ku Mozambiki, zolemba zake Chipwitikizi chokhachokha, ndipo mwini golosale analumbira kuti mulibe tirigu ndisanamalize n'komwe funso. Ndinatisiya pomwepo. Koma Tadala anali atazolowera kukoma kuja. Mbale ankangoikankha, kuonda n'kumapitirira.

Tsono tsiku lometa, amalume analamula pamaso pa abale kuti nkhuku zanu wina asazikhudze, ziswane, zidzadyedwe pomanga chiliza chanu. Anasungitsa ine, poti ndine wokhulupirika.

Ndinayamba ndi tambala wotsimphina uja, n'kudziuza kuti ameneyo sakanafika n'komwe tsiku la chilizalo. Ndinaphika monga munkachitira: mafupa, khosi, zipalapasiro, anyezi ndi mchere basi, pamoto wa zitsononkho. Munkati nkhuku yachikuda ukaifulumizitsa imakubisira mafuta, ndiye ndinaidekhera. Tadala anamwa, anadyera kachewere, n'kupempha wina. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukalira. Koma msuzi sukhalitsa popanda firiji, choncho posakhalitsa ndinagwiranso msoti. Kenaka thadzi lamawanga lija munkalikonda. Lero m'khola mwatsala thadzi limodzi ndi anapiye ake.

Amalume atadutsa n'kufunsa kuti pabwalo pachita zii bwanji, ndinati chitopa. Pakamwa panga pomwepa, Amayi, inu munandilera osanama. Anandipepesa, ndipo pochoka anachenjeza mudzi wonse. Anachisale akuseri kwathu anapha zawo zonenepa poopa kuti zingafe zokha, chifukwa cha chitopa changacho. Atandibweretsera ntchafu kuti ndipatse mwana, ndinalandira ndi manja awiri. Masiku ano ndikamva mawu a Anachisale ndimalowa m'nyumba.

Koma masaya a Tadala abwerera. Dzulo anathamangitsa mbuzi mpaka kudambo, ine n'kumamukalipira mtima ukusekerera. Kupha nkhukuzo sindikudandaula, ndisakunamizeni inunso. Chikundidya ndi choti ndinaopa kupempha, n'kusankha kuba za malemu.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndikagwada kwa amalume ndikanene zoona, kenaka kwa Anachisale, ndipo anapiyewa akakula oyamba ndi a Anachisalewo. Chiliza tidzamanga ndithu chilimwe chino. Alendo mwina adzadya nyemba ndi kabichi, adzandinena mpaka ku Tsangano, ndipo ndidzapirira. Koma nkhata yamaluwa adzaike pamanda panu ndi Tadala, atayenda yekha ndi miyendo yake, osati kumsana kwanga monga tsiku lija tinakuperekezani.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani, ndipo Lamlungu sindibwerera panjira.

Ine mwana wanu,
Esinati