Magazi a Monalisa

Mulanje
19 Novembala, 2017

Okondedwa achemwali anga a Anesi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi moyo ku Durban kumeneko. Ndaipatsira a Hopewell, dalaivala wa thiraki ya tiyi uja amatitengera katundu wanu, ndipo alonjeza kuti aipereka m'manja mwanu. Chiikireni maliro a Monalisa simukuyankha foni yanga, ndipo sindikukuimbani mlandu. Msuweni wathu Esteri wavomera kuti ndiye anakuuzani zoti ine ndinagulitsa magazi a mwana wanu kwa anamapopa. Zimenezo si zoona, achemwali. Koma chilipo chimene ndinalakwa, chimene Esteri sakuchidziwa, ndipo ndikupempha kuti muwerenge mpaka kumapeto musanaing'ambe.

Mumadziwa kuti ndimagwira ntchito mu labu pachipatala, koma sindinakufotokozereni bwino za ntchito ina imene ndinayamba chaka chatha. Pali mayi wina wa ku Blantyre, a Dokotala Sungani, amene akuchita kafukufuku wa malungo a mu ubongo. Funso lawo ndi lakuti, ana awiri akadwala malungo, bwanji wina amachira ndi mapiritsi pamene mnzake amakomoka osadzukanso? M'magazi mwathu muli timaselo tofiira, tosaoneka ndi maso pokhapokha pa maikulosikopu. Selo labwinobwino ndi loterera, limadutsa m'mitsempha osagwira paliponse. Kachirombo ka malungo kakalowamo kamasintha khungu lake, ndiye limayamba kumata ngati ulimbo n'kukakamira m'timitsempha ta mu ubongo. Makoma a timitsemphato nawonso ndi maselo ogwirana zolimba. Akamatiridwa choncho, uthenga umalowa mkati mwawo, amayamba kutayana, madzi n'kumadutsa, ubongo n'kutupa. A Dokotala akulondola kanthu kamodzi kakang'ono. Akuti kachiromboko kamamangirira kamafuta pa mapuloteni ake ena kuti agwire pakhungu la selo, ndipo akuganiza kuti kamafutako kataletsedwa, mwina selo silingamate. Ntchito yanga inali yolandira magazi pang'ono a ana odwala, makolo awo akavomera, kuwalemba nambala, ndi kuwaika m'bokosi lozizira kuti apite ku Blantyre. Basi.

Mu Seputembala munabuka mphekesera za anamapopa. Munazimva pafoni, koma simunaone mmene zinalili. Anthu amene tinakula nawo ankatseka misewu ndi zipika, atanyamula zikwanje, n'kumasecha aliyense wonyamula chikwama. Tsiku lina masana ndikuchokera cha ku Limbuli pa njinga yamoto, anandiimitsa, natsegula bokosi lija. Munali timachubu tinayi ta magazi. Wina anandimenya khofi, wina anayamba kufunsa za petulo. Anandipulumutsa ndi a Elson, akulu ampingo aja oyandikana ndi amayi. Analowa pakati pa gululo nati, “Uyu ndi mwana wa malemu a Moffat. Ndinamuimirira ndine pa ubatizo. Mukamuotcha muyambe ine.” Anaphwanya bokosilo, ine anandisiya.

Sabata yomweyo anthu anagenda denga la amayi. Amayi anandiimbira nati, “Kingstone, usabwere kaye kuno mpaka anthu mitima itsike.” Ndinamvera, ndipo kunena zoona ndinamvera mokondwa, chifukwa zipika zija ndinkaziopa.

Tsopano ndafika pa chimene ndalembera kalatayi. Aliyense kumudzi akudziwa kuti ine ndinamva za matenda a Monalisa Lachinayi, tsiku limene amayi anafika naye kuchipatala. Inunso ndi zimene munauzidwa. Ndinanama. Amayi anandiimbira Lachiwiri m'mawa, pa 24 Okotobala.

Anati, “Mwanayu watentha thupi kuyambira dzulo. Phala wakana.”

Ndinati, “Pitani naye kuchipatala chaching'ono akamuyeze malungo.”

Iwo anati, “Akakamubaya chala n'kumutenga magazi, ndi mbiri yakoyi anthu atiti chiyani? Bwera ndiwe, udzamuone m'nyumba muno.”

Achemwali, zoyezera malungo ndinali nazo pafupi. Njinga inali panja, mafuta alimo. Ulendo wake sukwana ndi ola lomwe. Ine amene tsiku ndi tsiku ndimauza makolo kuti mwana akatentha thupi asagone naye kunyumba, ndinati, “Mpatseni panado, mwina ndi chimfine. Ndibwera Loweruka.” Amayi anati, “Chabwino, iwe ndiye wodziwa.” Lachitatu sindinaimbe. Ndinkaopa kuti akandiuza kuti sizikusintha, ndisowa chonamizira.

Lachinayi m'mawa Monalisa anayamba kugwa khunyu. Amayi anamubereka kumbuyo, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, nakwera naye kabaza mpaka pamsewu waukulu. Anafika kuchipatala dzuwa lili paliwombo, mwana atakomoka kale. Anandiitana ku labu ndili ndi magolovesi m'manja. Ndinamupeza atagona chammbali, maso ali otsegula pang'ono, tsitsi lili lolukidwa bwino ndi timikanda tija munatumiza. Madokotala ndi anamwino anachita zonse zoyenera, ndipo anachita msanga. Pa iwo palibe chimene ndinganene.

Nthawi imeneyo kafukufuku wa m'midzi anali ataimitsidwa, koma wa ana ogonekedwa ankapitirira. Namwino wa kafukufukuyo anabwera ndi fomu yopempha chilolezo chotenga magazi monga amachitira kwa aliyense. Atandiona pambali pa bedi, anabwerera. Ndinamuitana ndine. Ndinawafotokozera amayi, iwo anapukusa mutu nati, “Ine za magazi ndatopa nazo. Iwe ndiwe malume ake, uona wekha.” Ndinasaina.

Mudzafunsa chifukwa chake. Ndadzifunsanso nthawi zambiri. Ndinali nditalandira magazi a ana oposa makumi anayi, makolo awo akulira chimodzimodzi, ndipo ndinaona kuti sindingakane kwa mwana wakwathu chimene ndinkalandira kwa ana a eni ake. Koma mwina ndinkangofuna kuchitapo kanthu, kalikonse, poti chimene ndinayenera kuchita Lachiwiri ndinali nditachilephera. Magazi ake sanakwane ndi supuni yaing'ono ya tiyi. Anawatengera pa singano yomwe ankamupatsira mankhwala, sanamubayenso pena. Palibe amene analipidwa, ndipo mankhwala ake sanasinthe chifukwa cha zimenezo. Esteri analowa mu wodi nthawi yomweyo, naona kachubu m'manja mwa namwino, cholembera m'manja mwanga. Zimene anaona anaonadi. Anangozimasulira monga mmene mudzi wonse ukanazimasulira.

Monalisa sanatsitsimuke. Anatisiya Lachisanu cha m'ma 3 koloko masana, amayi atamugwira dzanja, ine nditamugwira phazi. Sanaoneke ngati akumva ululu. Ndikunena izi osati pofuna kukutonthozani chabe, ndinalipo.

Pamaliro, ine mwini mbumba sindinaloledwe kuyankhula. Ndinaima kumbuyo pafupi ndi munda wa chinangwa, a Elson okha ndiwo anabwera kudzaima nane. Koma chimene chinandipweteka kwambiri si chimenecho. Madzulo ake achibale a bambo ake a mwana anawazungulira amayi n'kumawafunsa kuti anakhala bwanji ndi mwana wodwala masiku atatu pamene ine mwana wawo ndimagwira ntchito kuchipatala. Mmodzi anatembenukira kwa ine nati, “Inu munamva liti?” Ndinati, “Lachinayi.” Amayi anandiyang'ana kamodzi, kenaka anayang'ana pansi nati, “Ndi zoona. Ndinachedwa ndine.” Ndipo inu mutaimba tsiku lotsatira n'kuwakalipira mukulira, anakuyankhani chimodzimodzi. Ndinali pakhonde, ndinamva zonse.

Patatha sabata ziwiri ndinapita ku Blantyre kukasiya bokosi lina. A Dokotala Sungani anandipepesa maliro, nandiuza kuti magazi a mwana wathu awapereka kwa mnzanga wina kuti ine ndisawakhudze. Koma nambala yake ndinkaidziwa, ndipo tsikulo ndi limene ankawayeza. Mmene amachitira ndi motere: amakhala ndi kambale kagalasi kamene pansi pake amerapo maselo a mtsempha, amathirapo magazi a wodwala, kenaka amatsuka. Maselo abwino amachoka ndi madzi, omata amatsalira, ndiye amawawerenga. Ndinapempha kuti ndione pa maikulosikopu. Anakana kawiri, kachitatu anandisunthira mpando.

Anali atatsuka katatu, achemwali, koma maselo anali mbwee, atakakamira paliponse, ena ataunjikana ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Ndaona mbale zambiri zotere ndipo ndinkangowerenga n'kulemba. Tsiku limenelo ndinalephera kuwerenga. Ndinachotsa diso n'kuwauza a Dokotala za foni ya Lachiwiri. Anali munthu woyamba kumuuza.

Ndinawafunsa kuti, “Ndikanapita tsiku lija, akanachira?”

Anati, “Mbale iyi singatiuze zimenezo, ndipo ine sindikunamiza kuti ndikudziwa. Koma malungo ogwidwa Lachiwiri ndi ogwidwa Lachinayi amasiyana. Iwenso ukudziwa.”

Ndinafunsanso ngati magazi a Monalisa adzathandize kupeza mankhwala. Anati mwina, koma osati chaka chino kapena chamawa. Anati zingatenge zaka khumi, ndipo n'kutheka kuti kamafuta akukalondolako sikadzapereka yankho limene akuyembekeza. Kenaka anati, “Amayi ake a mwanayu akudziwa zimene wandiuzazi?” Nditakana anati, “Ndiye wauza munthu wolakwika.”

Lamulungu lapitali ndinapita kumudzi. Zipika anachotsa, msewu ndi wotsegula, ndipo anyamata ena amene anandigwira tsiku lija anandipatsa moni ngati palibe chinachitika. Amayi ndinawapeza akusankha mbewu ya chimanga pakhonde. Awonda, ndipo ku mapemphero a amayi a Lachinayi anasiya kupita chifukwa cha zonena za anthu. Ndinawauza kuti ndikulemberani zoona. Anandiletsa.

Anati, “Ana ndili nawo awiri. Ine ndakalamba, akandida ine palibe kanthu. Ndimafuna ndikadzapita inu awiri mudzatsale mukuyankhulana.”

Ndinati, “Amayi, ngakhale pano achemwali sakundiyankhula.”

Anati, “Pano wakwiyira bodza, ndipo bodza limatha. Ukamuuza izi akwiyira zoona.”

Ndaganiza mawu amenewo sabata yonse, ndipo mwina amayi akunena zoona. Koma sindingathe kuwaona akusenza mlandu wanga, inu muli kutali mukuganiza kuti mayi amene anakulererani mwana zaka zinayi anamulekerera. Sanamulekerere. Anaona msanga, anaimba msanga, anaimbira munthu woyenera. Wolephera ndine.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, magazi a Monalisa anatsalako pang'ono, ali mu fuliji ya labu ku Blantyre, olembedwa nambala osati dzina. A Dokotala akuti mayi wa mwana ali ndi ufulu wonena kuti atayidwe kapena apitirize kugwiritsidwa ntchito, ndipo akuti ndikanayenera kukuimbirani ndisanasaine. Ndaika pepala lawo m'kalata muno, nambala yawo ya foni ili pamwamba. Mukhoza kuyankhula nawo nokha osadzera mwa ine. Mpaka mutayankha, palibe amene awakhudzenso. Sindikuuzani chosankha. Ndinakusankhirani kale kamodzi.

Chachiwiri, muwaimbire amayi. Foni amaiika m'thumba la diresi ngakhale popita kumunda, ndipo ikalira amaitulutsa manja ali ndi dothi. Ine musandiimbire ngati mtima sukufuna, ndidzamvetsa. Mapepala anu oyendera akadzatheka inu n'kubwera kuno, ndidzakuperekezani kumanda ngati mudzalola. Mukadzakana, a Elson akudziwa pamene pali. Tinamuika pafupi ndi bambo athu.

Mvula yoyamba yagwa Lachitatu, tiyi waphukira m'maesiteti monse, ndipo amayi akuti adzala mawa. A Elson ndi akazi awo akupereka moni. Aphunzitsi a Monalisa a Sitandade 1 anabwera kudzapepesa, akuti ndikupatsireni moni, ndipo anabweretsa makope ake awiri. Amayi awasunga m'sutikesi yanu, akuti mudzatsegule nokha. Esteri nayenso akupereka moni. Musamukwiyire, ananena zimene ankakhulupirira. Amayi sakudziwa kuti kalatayi yanyamuka, choncho moni wawo sindinawapemphe, koma mukudziwa kuti ulipo.

M'makalata onse amene a Hopewell ankakutengerani, pansi penipeni ndinkasiya mpata kuti Monalisa alembepo dzina lake, ndipo ankalimbana nalo mpaka kuboola pepala. Ndafika pansi pa tsamba lino ndipo ndapeza kuti dzanja langa lasiya kale mpatawo. Sindilembapo kanthu.

Ndine mlongo wanu amene munamusiyira mwana,

Kingstone