Mawu a Pamwamba pa Bolodi

Bambo,

Lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, ndipo akwana masiku khumi ndi awiri chifikireni mlendo wanu. Ndikuti wanu chifukwa ife sitinamuitane. Anafika Lolemba la sabata ya mayeso, belu la m'mawa litangolira, mzimayi wa zaka ngati makumi atatu, chikwama chimodzi m'manja, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Sanaodire. Anangoima pa zenera la chipinda chophunzirira, maso ali pa bolodi, ngati munthu amene wapeza chovala chake chitayanikidwa pa chingwe cha eni. Amayi, amene zaka zonsezi sanalolepo ngakhale wogulitsa matsache kulowa pa geti nthawi ya maphunziro, anamuyang'ana kamodzi kokha, n'kupita kukamutengera mpando wanu.

Chithunzi chanu chili pamwamba pa kalatayi ndasankha ndine. Amayi amafuna chija mukuseka mutanyamula mapasa. Ine ndakana, ndati tiike ichi cha rula m'manja, chifukwa ndiyo nkhope imene tinkaidziwa ife ana anu asanu ndi anayi. Chipinda chodyera munachisandutsa kalasi. Mabenchi atatu, tebulo limodzi, khanda likukwawa pansi pa miyendo yathu uku tikuloweza masamu. Wamkulu aphunzitse wamng'ono, wamng'ono atsuke mbale akutchula miyezi ya pachaka. Ana a eni akamadutsa pamsewu atavala mayunifolomu, ife tinkasinthana kabowo ka pa geti kuwasuzumira, inu muli kumbuyo kwathu mukuti sukulu za kunja zimaphunzitsa ana kuiwala kwawo.

Nkhani ya kuiwala munali nayo nkhawa kwambiri. Pamwamba pa bolodi panali mawu amodzi amene sankafufutidwa: Tisaiwale. Munkawalemba ndi T wanu uja wopindika kumunsi ngati chogwirira ambulera. Ndiwo mawu oyamba amene aliyense wa ife anaphunzira kulemba, asanadziwe n'komwe kulemba dzina lake. Tsamba lililonse la m'kope linkayamba ndi mawuwo, deti pambuyo. Woiwala ankatambasula dzanja, rula kasanu pa zala. Mlongo wanga amene timamutcha Profesa chala chake chapakati sichiwongoka mpaka lero, ndipo akamakuikirani kumbuyo amachibisa m'thumba. Tinkaganiza kuti mawuwo akunena za maphunziro. Tinkaganiza kuti tili ndi bambo wozama nzeru.

Sindinama kuti simunkaseka. Tsiku lotsekera sukulu munkaseka mpaka kutsokomola. Zotsatira munkaziwerenga kuyambira wotsiriza kupita kwa woyamba, ndipo mukafika pa nambala yachiwiri munkaima, kupukuta magalasi, kuitanitsa madzi, kufunsa Amayi ngati atseka mpopi, ife mitima ili phaphapha. Khalidwe limeneli ndinatengera inu, ndipo muliona m'kalata ino.

Muli chigonere kuchipatala munandigwira mkono, n'kundilumbiritsa zinthu zitatu monga mwana wanu woyamba: kuti sukulu ndidzaigwira mpaka mzime wathu atamaliza, kuti geti idzakhala yotseka, ndi kuti mawu a pamwamba pa bolodi sadzafufutidwa. Mzimeyo anali ndi zaka zisanu. Simunawerenge kuti ine ndidzakhala ndi zaka zingati iye akamadzamaliza, inu amene munkawerenga chilichonse, ndi zidutswa za choko zomwe. Ndasunga lumbiro zaka zitatu. Ndadzuka kukaliza belu, ndachonga makope mpaka maso kuwawa, ndakhala mphunzitsi wa azing'ono anga mmalo mokhala mkulu wawo. Mapasa akandiona ndikubwera amasiya kuseka, monga ankachitira akamva nsapato zanu.

Popeza simungathenso kunyamula rula, ndikuuzeni chinsinsi changa. Wotchi ya pakhoma ija siiwonongeka mwezi uliwonse ayi. Ndimaiimitsa ndekha ndi chala. Wokonza mawotchi wa pafupi ndi siteji ya basi akaibweza, kumbuyo kwake kumakhala kapepala kopindidwa kanayi. Wandidikira zaka ziwiri. Kapepala komaliza kanali ndi funso limodzi, ndipo ananena kuti yankho akulifuna sukulu ikamatsekera, chifukwa iye amakonza nthawi ya anthu ena koma yake ikupita. Ndinali nditakonzeka kumukana chifukwa cha inu.

Ndiye kunafika mlendo wanu. Masiku onsewa sanatchule dzina, ndipo Amayi ndikawafunsa amangoti ndisamale za mayeso. Mapasa anamupatsa dzina loti Azakhali a Zii. Ankadzuka m'mawa kusesa pakhonde, kuchapa malaya a ana osamutuma, kenako n'kukhala kumbuyo kwa kalasi pa mpando wanu, manja pa maondo. Ine mutu unadzaza nkhani. Tsiku loyamba ndinkati ndi woyendera sukulu wabwera mozemba kudzatitsekera. Lachiwiri ndinkati ndi mlongo wake wa wokonza mawotchi, wabwera kudzaona ngati ndimatha kusesa, moti ndinasesa kawiri. Kenako ndinamuona akusisita ndi chala magalasi anu amene ali pa shelefu, ndipo ndinati basi, bambo anali ndi chibwenzi. Ndinamuda pomwepo. Ndinamupatsa buku dala kuti atiwerengere ndime imodzi, iye anangoloza maso ake kusonyeza kuti akumuvuta. Bukulo anali ataligwira chozondotsa. Ndinaseka, Bambo, ndi kaseko kanu komwe kaja, ndipo pa zonse zimene munandisiyira chimenechi ndicho ndikuchita nacho manyazi.

Tsono zotsatira za chaka chino nazi, kuyambira kumunsi. Lumbiro lanu ndalibweza. Geti ndinatsekula dzulo ndipo ndinaikapo mwala kuti isatsekeke. Chaka chamawa ana asanu otsalawa akukalembetsa sukulu ya kunja, mzime wayamba kale kuyeserera kuyenda ngati wavala yunifolomu. Wotchi ndainyamula ndekha kupita nayo kwa wokonza uja masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, ndipo sinali yowonongeka. Yankho langa wamva ndi makutu ake. Profesa akuti ndakuperekani, wakhala m'chipinda chanu chitsekereni. Amayi akukuliranibe, ngakhale sindikudziwanso ngati akulira inu kapena zaka zimene anakusungirani pakamwa. Mapasa amakusowani akamakangana za masamu. Mzime amakumbukira ndevu zanu zokha. Ine ndinakulirani zaka zitatu ndipo ndaona kuti zakwana.

Mwina mukufunsa chifukwa chake. Pukutani magalasi, itanitsani madzi.

Dzulo tinatsekera monga munatiphunzitsira. Titatha kuwerenga zotsatira, aliyense amene ali m'chipindamo amalemba dzina lake pa bolodi kuti lisagone lopanda kanthu pa holide. Tinalemba tonse asanu ndi anayi, Amayi analemba lawo. Mzime, amene sadziwa kuopa munthu, anatenga choko n'kukamuika mlendo m'manja. Amayi anadzuka kuti aletse, koma anachedwa. Mzimayi uja anapita kutsogolo, anaima nthawi yaitali, kenako anayamba kulemba pang'onopang'ono, lilime lili pakona pa mlomo ngati mwana wa kalasi yoyamba. Analemba mawu amodzi. Chilembo choyamba chinali chopindika kumunsi ngati chogwirira ambulera.

Mapasa anafa nacho chiseko, akuti Azakhali a Zii akopera pamwamba, abera mayeso tsiku lotsekera. Iye anatembenuka, ndipo aka kanali koyamba kumumva akulankhula mawu opitirira moni. Anati sanakopere. Anati pa dziko lonse ndi mawu okhawo amene amatha kulemba ndi kuwerenga. Anamuphunzitsa ndi bambo ake, pa dothi, ndi kamtengo, ali ndi zaka zisanu. Sabata yomweyo bambowo ananyamuka, akuti akukagula kope ndi pensulo kuti adzamuphunzitse zilembo zotsalazo. Mayi ake anadwala, ndipo iye sukulu sanaipondeko. Chaka chino ndi pamene wina anamuuza kuti bambo akewo anamwalira, ndipo anasiya sukulu yawoyawo ya ana asanu ndi anayi odziwa kulemba bwino. Anabwera kudzangoiona. Sanayembekeze kudzipeza yekha pa bolodi.

 Amayi anakhala pansi pa benchi ya ana, n'kuvomera kuti ankadziwa chikwatiwireni, ndi kuti tsiku limene munakhoma bolodi munalemba mawuwo n'kuwauza kuti asadzafunse.

Ndiye mmene zinalili ndi mmenemo, Bambo. Zaka makumi awiri munakhala mukutimenya zala chifukwa choiwala kulemba dzina la mwana amene inu munamuiwala pa dothi. Mlandu wanu munaugawa m'makope athu, tsamba ndi tsamba, kuti tikusenzereni. Kalata imodzi simunamulembere, ndipo mukanalemba, akanamuwerengera ndani? Kope lija ndi pensulo ija munagula, tinaziona, zinadzaza kabati yonse. Njira yobwerera ndiyo munaisowa.

Pa zinthu zitatu zija ndisunga chimodzi. Mawu a pamwamba pa bolodi sindifufuta, chifukwa mwini wake wafika. Kaundula wa chaka chamawa ndatsekula kale, ali ndi wophunzira mmodzi, ndipo rula ndaponya m'dzala. Tiyambira pa chilembo chimene munalekezera.

Sitidzakuiwalani. Munaonetsetsa nokha kuti tisathe.

Ndine mwana wanu wachiwiri, mmalo mwa Amayi, azing'ono anga ndi alongo anga, komanso mkulu wathu amene dzina lake ndalilemba pa mzere woyamba, pamene pankakhala langa: Tisaiwale.