Mabotolo a Ate Luz

Lachinayi, Julayi. Kwazizira, ndipo nyumba ino yandikulira.

Uthenga unandipeza Lolemba m'sitima ya ku Rockingham, ndikuchokera kuntchito. Mwana wa Ate Luz, achemwali a ku Philippines amene tinkagwira limodzi ntchito ndi kukhala nyumba imodzi, analemba kuti amayi ake, omwe anali kwawo kutchuthi, sanadzuke. Ndinapitirira siteshoni yanga.

Lero eni nyumba anena kuti nditaye zakudya za malemu, pakuti wina akulowa sabata yamawa. Ndavomera. Koma nditatsegula kabati, mabotolo awo anangondiyang'ana: toyo, msuzi wakuda wa soya, viniga wa nzimbe woviikamo tsabola, ndi patis, msuzi wa nsomba wonunkhira ngati usipa wouma.

Kwawoko aliyense amadzisakanizira yekha zoviikamo ndiwo m'kambale kake, wophika osakhumudwa. Koma ine ankandisakanizira iwo. "Iwe Chikondi, dzanja lako n'lolemera, nsombayi uipha kawiri," ankatero, akundilanda botolo.

Madzulo ano ndakazinga nsomba kuti ndiyese ndekha. Koyamba mchere unachuluka, kenako zinawawasa. Ndatsegula buku lawo lophikira, likungoti uthire monga mmene umakondera. Mmene ndimakonderamo ankadziwa ndi iwo, ine sindinafunsepo.

Sindinataye. Mabotolo ndawasamutsira kuchipinda kwanga, pashelefu ya mabuku. Patis watsala theka.