Ababa, Kapondeni Dothi Kumtunda

Ndirande, Blantyre

Okondedwa Ababa,

Ndikupatsani moni. Kodi chifuwa chija chinaleka? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima sunakhalepo pansi kuyambira pomwe madzi osefukira anatitengera amayi ku Chiromo.

Geni ya nsomba ikuyenda mwapendapenda. Mlamba wouma wakwera mtengo, anthu amangofunsa n'kudutsa.

Dzulo kumsika kunabwera a Kalisto, wapampando wa gulu lathu la anthu a kuchigwa okhala m'tauni muno. Ndi gulu lomwe lija linakubweretserani ufa, zofunda ndi mapoto muli kumsasa wa kusukulu. Tsopano lapeza malo kumtunda. Mabanja akuumba njerwa pamodzi, lero za uyu, mawa za uja, gulu n'kuikapo malata ndi simenti. Lamulo lake n'lakuti amene sapondako dothi la mnzake, nayenso samupondera.

Anandiuza mwaulemu kuti inu simunaonekeko. Akuti mumalawirira ndi bwato kukafufuza amayi m'mabango, ndipo mwakhomanso chisakasa pabwinja pathu pomwe paja. Akutinso abale atapempha kuti tiike thunthu la nthochi m'manda, poti mtembo sunapezeke, munakana, munati mkazi wanu si nthochi. Nditamva ndinalira pabenchi pomwepo, makasitomala akuona.

Ababa, sindikukudzudzulani. Nanenso ndikaona mayi wa kayendedwe kawo ndimamuthamangira kukamuona kumaso. Koma madzi saiwala khwawa, mtsinje wa Ruo udzabweranso. Mvula ikagwa nyumba yanu isanayambike, malowo adzapatsa banja lina, poti odikira ndi ambiri.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka likudzali pitani kumtunda mukaponde dothi ndi anzanu. Msana ukavuta, a Kalisto ati ngakhale kuwatungira madzi kokha n'kokwanira. Za nthochizo sindikukakamizani, tidzakambirana mtima wanu ukadzalola. Amayi alibe manda oti ndikawalirepo, ndipo zimenezi zimandipweteka tsiku lililonse. Inu ndikufuna ndizikupezani pakhomo, muli moyo.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Luisa, amalume a Fernando ndi mlongo wanga Thom. Makalata onse ndinkayamba ndi moni wa amayi. Lero dzanja linalemba lokha dzina lawo, ndafufuta.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu,
Rute